Mayi wa m'Garafau ndi Mwendo wa a Mattiya

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanaiwale, ngati kuti ine ndinayamba ndaiwalapo kanthu. Za ubwana wanga ku Maniamba sindilemba, chifukwa palibe chinachitika: ndinabadwa, ndinapalira chinangwa, ndinakula. Ndiyambira pamene boma linadziwa dzina langa. Chimodzi chokha ndikupempheni. Amayi anu akhala akukuuzani kuti ine nkhani ndimaithira mchere wambiri. Si zoona. Zonse zili munozi zinachitika monga ndazilembera, ndipo pamene ndaona kuti choonadi chakula moti simungachinyamule, ndachita kuchichepetsako.

Metangula, 1981

Ntchito yanga yoyamba inali ya useriventi pachipatala. Seriventi ndi munthu amene amakolopa, kutunga madzi, kuwiritsa masingano ndi kupanikiza miyendo ya amuna akuluakulu oopa jakisoni. Ndinatsika kumapiri ndili ndi kalasi yachinayi m'mutu ndi nsapato ziwiri kumapazi, zonse za kumanzere, moti mwezi woyamba wonse ndikati ndilunjike kuchipatala ndinkapezeka ndakhotera kumsika. Nyanja ndinali ndisanaionepo pafupi. Nditaiona ndinafunsa munthu wina kuti mwini dambo limeneli bwanji sadzalamo mpunga. Munthuyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa nthochi.

Mwayi wanga unali wakuti anandipereka kwa Sinyoro Tomé, amene ankasunga mankhwala. Anali munthu woonda kwambiri, moti akaima cham'mbali pawindo odwala ankabwerera poganiza kuti lero sanatsegule. Sankakalipa, sankaseka, ndipo chinthu ankachinena kamodzi. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa ntchito imene yandidyetsa moyo wanga wonse, ntchito yosungunula mankhwala. M'kabati mwawo munali kachitini ka perimanganato, timiyala takuda tonyezimira ngati mchenga wopsa. Ankapima timiyalato pasikelo, n'kutithira m'garafau, botolo lalikulu lagalasi lovala dengu, n'kudzaza madzi owiritsa, n'kugwedeza mpaka kamwala komaliza katasungunuka. Madziwo ankasanduka achibakuwa chakuda bii, kuposa nsalu imene amayala paguwa nyengo ya Lenti. Pa Chipwitikizi dzina lake ndi lalitali, ife tinkangoti Mayi.

"Barnaba," anandiuza tsiku loyamba, "Mayi sagwira chilonda. Ntchito ya Mayi ndi kubereka. Ogwira chilonda ndi ana." Anakoka Mayi ndi siringa yagalasi, ija yobayira jakisoni, mpaka pamzere wa khumi, anathira m'botolo la lita, n'kudzaza madzi owiritsa ozizira kufika pakhosi pamene analembapo ndi utoto. "Siringa imodzi, lita imodzi. Ukafuna malita atatu, masiringa atatu. Mankhwala onse amene anali m'siringa ali m'botolomu. Palibe athawa, angopeza malo otambasukira." Kenako anathira m'beseni n'kuviikamo dzanja. "Ona chikhadabo changa, ona madzi. Zikafanana, mwana wabadwa bwino. Akatuwa kuposa apa, ndi madzi chabe. Akada kuposa apa, aotcha." Anapinda malaya n'kundionetsa chipsera pamkono pawo, pamene kamwala kosasungunuka kanawamatirira ali mnyamata. Ananenanso kuti mwana sagona. Wa m'mawa amagwira ntchito tsiku lomwelo, wa dzulo amasanduka ngati tiyi, ndiye kuti wafa, ukamtaye.

Zaka zitatu ndinabereketsa Mayi m'mawa uliwonse, ndipo Sinyoro Tomé anandiyamikira kamodzi. Anasuzumira m'beseni langa, anati, "Hm." Anzanga amene anagwira nawo ntchito zaka khumi anandichitira nsanje mpaka Khirisimasi.

Meluluca, 1984

Nkhondo itayamba kudya misewu, galimoto zochokera ku Lichinga zinkayenda pamodzi moperekezedwa ndi asilikali. Tinkati koluna. Koluna ikafika inkafika ndi theka la katundu ndi nkhani zambiri. Chaka chimenecho ananditumiza kuposito ya zaumoyo ku Meluluca, ndipo popeza kumtunda kunali kosayendeka, ndinapita pabwato. Sinyoro Tomé anandiperekeza mpaka pamchenga, anandiika garafau yodzaza pakati pa mawondo, anati, "Umusunge pamdima. Timiyala tina ndidzakutumizira tikadzapezeka, koma usandifunse liti." Panyanja ndinasanza zonse zimene ndinadya chibadwire, ndipo chomaliza kutuluka chinali mkaka wa amayi anga. Wopalasa bwato anaona ndi maso ake, koma anatisiya kale, Mulungu amusunge.

Shefi wanga kumeneko, ndiye kuti bwana wanga, anali Dona Filomena, namwino wochokera ku Quelimane, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe. Akaitana wodwala wotsatira, wina ankayankha tsidya la nyanja ku Nkhotakota, ndipo nthawi ina anthu anabweradi pabwato kudzafunsa chimene awaitanira. Mtima wawo unali wabwino. Chinyanja anachiphunzira kwa odwala, choncho mawu onse a zowawa ndi otukwana ankawadziwa bwino, koma moni anaphunzira mochedwa. Posito inali ya zipinda ziwiri, ndipo zosowa zinali zambiri kuposa zipinda. Sopo tinali naye mmodzi, amene anapyapyala mpaka Dona ankatha kuonera wodwala kudzera mwa iye. Masingano tinkanola pamwala mpaka anafupika ngati minga ya usipa. Mabandeji tinkachapa n'kubwezanso, moti ena anazolowera njira: ukawamasula pamwendo wa munthu ankanyamuka okha kulowera kunyanja. Zimenezi ndinaziona ine, ndipo nthawi imeneyo magalasi ndinali ndisanayambe kuvala.

Ntchito inachuluka anthu akumapiri atayamba kutsikira kugombe, kuthawa zigawenga zimene tinkati a m'tchire. Ankafika atayenda m'thengo, miyendo ili zilonda zokhazokha. Ena anali abale anga enieni, pamodzi ndi amalume anga a Binali, amene anafika ndi khasu lokha n'kulima nalo mumchenga mwezi wathunthu asanavomere kuti sikumera kanthu. Pamenepo Mayi anasanduka chuma cha dera lonse. Penisilina ankabwera mwa apo ndi apo ngati bishopu, koma beseni linalipo tsiku lililonse. Mphekesera zikamveka kuti kumapiri kwaipa, tinkakwirira garafau mumchenga kuseri kwa posito, ife n'kuthawira kumiyala ndi anthu onse. Tikabwerako Dona ankayamba afukula Mayi, kenako n'kufunsa ngati ine ndili moyo. Zinali zaka zovuta, sindikana, koma ine ndinali wokhutira. Ntchito ndinali nayo, anthu ankandigawira usipa, ndipo ndinkaona anthu amene anabwera chokwawa akuchoka pabenchi ndi miyendo yawo.

Vuto linali limodzi. Anthu akugombe sakhulupirira chinthu chotuwa. Kwa iwo tiyi wabwino ndi woti supuni iime yokha, fodya wabwino ndi wogwetsa misozi, jakisoni wabwino ndi wotsimphinitsa sabata yonse. Akumapiri ankaviika miyendo mwakachetechete chifukwa analibe mphamvu zotsutsira, koma asodzi ankayang'ana beseni, n'kuyang'ana garafau pakona, n'kunena kuti, "A Seriventi, ife mwatipatsa zotsukira mbale. Ndiwo zenizeni mwasungira ndani?" Ambiri ankabwera kamodzi osabweranso.

Amayi anu ndinawaona koyamba pathandala, akuyanika usipa. Panthawiyo anali Monika chabe, mtsikana wa kwaya, ndipo mawu awo oyamba kwa ine anali akuti, "Inu ndinu a Seriventi aja amasamba m'ndowa nyanja ili pakhomo?" Ndinayankha kuti nyanjayo ndikusungira alendo. Iwo anati, "Mukadzafuna kuphunzira kusambira mudzanene. Tili ndi ana a zaka zinayi, angakuthandizeni." Ndinabwerera kuposito nditadwala. Dona atandigwira pamphumi anati matenda amenewa mankhwala ake mulibe m'kabati mwawo.

Meluluca, 1986, nyengo ya mwera

Apa ndi pamene inu nonse munatsala pang'ono kusabadwa, choncho werengani mutakhala pansi.

Mwini mbumba wa kwa amayi anu anali amalume awo, a Mattiya, mwini chilimira, ukonde waukulu uja wa utaka, ndi mabwato atatu. Kutchalitchi ankakhala benchi yakutsogolo, ndipo nyimbo ikafulumira ankaibweza ndi ndodo. Popanda mawu awo Monika sakanakwatiwa ndi wina aliyense, ngakhale mngelo. Amalume anga a Binali atapita kukagogoda m'malo mwanga, a Mattiya anangoti, "Tamva. Wakumtunda ameneyo tiyambe tamuona kaye." Miyezi inapita akundionabe.

Ndiye tsiku lina akukankha bwato, chitsa cha m'madzi chinawang'amba pamsongolo. Anathirapo mafuta a injini, kenako phulusa la fodya, kenako zina zimene anakana kuzitchula, mpaka chilonda chinakula ngati chikhatho n'kuyamba kununkha. M'mawa wina anawabweretsa kuposito panjinga, amuna onse a chilimira akutsatira pambuyo. Dona anawabaya penisilina wotsiriza amene tinali naye, ndipo a Mattiya anakondwa chifukwa anawawa. Kenako Dona anaitanidwa m'chipinda china kwa mayi wobereka, ine n'kutsala ndi ntchito ya beseni. Ndinali nditalikwecha ndi mchenga mpaka munthu ankadzionamo ndi azigogo ake omwe, ndipo mwana amene ndinabereketsa tsiku limenelo anali wokongola kuposa onse amene ndinawaonapo.

A Mattiya anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Mankhwala otsukira chilonda, bambo."

"Nanga icho?" Analoza garafau ndi ndodo.

"Ameneyo ndi Mayi wake, bambo. Ndi mmene timatapamo."

"Ndiye iwe mwana wakumtunda, wandiyang'ana ine, wayang'ana botolo, waona kuti ine ndine woyenera matsukwa a mtsuko?"

Amuna a chilimira anati "Hiii!" onse pamodzi, ngati anachita kuyeserera kunjira.

"Bambo, Mayi payekha amaotcha. Akakhudza chilonda adya ndi mnofu wabwino womwe."

"Aotche. Ine moto ndinayamba kuuona iwe usanabadwe. Thira wakudayo."

Garafau inali pafupi, kungotambasula mkono. Pawindo ndinaona mutu wa Monika pakati pa mitu ya atsikana ena. Ndinadziwa kuti ndikathira, a Mattiya akuwa, akondwa, mwina n'kunditcha mkamwini pomwepo. Kenako chilonda chipsa, chikula, ndipo mwendo ukadulidwa ku Lichinga ngati koluna ingapezeke. Ndikakana, mkazi wapita.

"Pepani bambo," ndinatero, "sindingathe."

Munali zii, moti ndinamva nsabwe ikutsokomola m'mutu mwa munthu wina panja. A Mattiya anakwera njinga osaviika ngakhale chala. Tsiku lomwelo a Binali analandira uthenga wakuti mnyamata wanu asapondenso pakhomo pano, pokhapokha abwere ndi wakudayo. A Binali anafika kuposito akupuma movutika. "Iwe, mwendowo ndi wako? Mwini wake akuti otcha, iwe otcha! Kwathu tinathawa, minda tinasiya, tsopano ukufuna tithawenso kuno chifukwa cha botolo?" Ndinawauza kuti munthu amene mwendo wake ndaupha sangakhale mpongozi wanga nthawi yaitali. Iwo anati mpongozi wa mwendo umodzi ndiye wabwino, sabwerabwera kudzayendera.

Masiku anapita ine ndikudya osamva kukoma. Mbiri inkabwera yakuti mwendo watupa mpaka m'bondo ndipo a Mattiya asiya kupita kutchalitchi. Tsiku lina masana, anthu ali kumithunzi, ndinapita pathandala. Monika anapitiriza kutembenuza usipa osandiyang'ana.

"A Seriventi, kwanu kumapiri kachasu mumamwa bwanji?"

"Ndi pakamwa."

"Ndiye chifukwa chake. Tamverani. Kuno akatcheza kachasu, botolo loyamba lija, mutu, amapereka kwa wamkulu. Mukuganiza amalume amamwa mutu wouma? Akanafa kale. Amathira madzi, nthawi zina mpaka ungamwetse mwana. Koma amathira okha, ndi dzanja lawo. Munthu wina akawathirira madzi, ndiye kuti wawauza pamaso pa anthu kuti mphamvu zawo zatha. Inu munawathirira madzi amuna awo onse akuona."

"Ndiye ndikawapatsa Mayi m'manja, athira madzi?"

"Kaya. Mwina athira. Mwina akhuthulira pachilonda kuti akukhaulitseni. Ndipo musaiwale, wamkulu sauzidwa muyeso. Mukangotsegula pakamwa kuti onjezani, kapena basi, mwawononganso."

"Nanga inu mukuti nditani?"

"Ine ndikuti mwaponda usipa wanga. Sunthani."

Dona Filomena atamva nkhaniyi anakhala pampando, mpando unadandaula. "Barnaba, Mayi satuluka muposito. Akasweka, anthu a pabenchi aja uwatsuka ndi chiyani, misozi? Tapa pang'ono m'kabotolo." Ndinawafotokozera kuti a Mattiya adzati ndathiriratu madzi kunjira, ayenera kuona wakudayo akutuluka m'garafau mwenimweni. Dona anatukwana pang'ono m'Chinyanja chabwino kwambiri, kenako anati, "Mwendo uja ndinauona. Ukapanda kutsukidwa sufika dzinja. Ine sindikukutuma, ndipo sindikukuletsa. Koma mkulu uja akadziotcha ndi mankhwala a posito yanga, dzanja lomupatsa ndi lako. Udzabwerera ku Metangula wapansi, ukafotokoze wekha kwa Tomé."

Pa ntchito yanga yonse sindinasankhepo chinthu chovuta ngati chimenechi. Kukana kuthira Mayi pachilonda kunali ndi pogwira, chifukwa lamulo linali kumbuyo kwanga. Apa ndinayenera kuika chinthu chootcha m'manja mwa munthu wokwiya, ine n'kutseka pakamwa. Koma kukhala pansi kunalinso kusankha, chifukwa mwendo unali kuwola ine ndikusunga lamulo. Nditasinkhasinkha ndinaona kuti mwambo wandisiyira zinthu ziwiri: wothira mutu m'kapu ndi mwini mowa, ndipo wobweretsa madzi ndi mwini mowa yemweyo. Zotsalazo zinali za Mulungu ndi a Mattiya, ndipo mwa awiriwa amene ndinkamudziwa kuti ndi wofewa mtima anali Mulungu.

M'mawa mwake nditatha odwala a pabenchi, ndinabereka garafau kumbuyo ndi nsalu ya Dona ngati khanda, beseni pamutu, botolo la madzi owiritsa m'manja. Madziwo ndinasiya osafika pamzere ndi siringa imodzi, kuti Mayi akalowa lita ikwane. Amayi a pachitsime atandiona anasiya mitsuko. "A Seriventi abereka! Wamwamuna kapena wamkazi? Bambo wake ndani?" Ndinayenda pang'onopang'ono moti nkhono ina inandipitirira n'kundipatsa moni.

A Mattiya ndinawapeza pansi pa mango, mwendo uli pamtondo wogoneka, amuna awo akusoka chilimira. Fungo linandilonjera ndisanafike. Ndinagwada, ndinamasula nsalu, ndinaimika garafau patsogolo pawo.

"Bambo, ndabwera naye mwini wake. Ndikupempha kapu yanu."

Anatuma kapu yawo ya kachasu, yagalasi lochindikala. Ndinakoka siringa imodzi anthu onse akuona, ndinathira m'kapumo, ndinapereka ndi manja awiri. Botolo la madzi ndi beseni ndinaziika pafupi ndi phazi lawo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuluma lilime.

"Kadontho komweka?"

"Mutu suchuluka, bambo."

Anakweza kapu padzuwa, dzuwa silinadutse. Ananunkhiza. Kenako anaitsitsa pang'onopang'ono mpaka inaima pamwamba pa chilonda penipeni, n'kuipendeketsa, maso ali pa ine. Dontho linafika pamlomo pa kapu. Osoka ukonde anasiya kusoka. Mawu akuti musatero anakwera kukhosi kwanga, ndinawameza, anakweranso, ndinawamezanso, moti mpaka lero ndikayasamula kwambiri amamveka. Sindidziwa tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji, koma mango amene anali osapsa pofika ine anayamba kugwa.

Pamenepo a Mattiya anaongola kapu. Wamkulu akalandira mutu amayamba waulawa, ndipo iwo sanali munthu wodumpha mwambo. Anaviika chala chaching'ono n'kukhudza palilime. Ana anga, nkhope za anthu ndaziona zikukwinyika pantchito yanga, koma iyi inapindika mpaka makutu anakumana kutsogolo. Analavula, analavulanso, milomo ili yachibakuwa.

"Ameneyu," anatero mawu atabwerera, "ndi mutu weniweni." Anatembenukira amuna awo. "Mukuona? Chitsiru chokha n'chimene chingalandire mutu wotere wouma. Mwina kumapiri amatero."

Anakhuthulira kapu m'beseni, anatenga botolo ndi dzanja lawo, anathira madzi pang'ono. Anayang'ana. Anathiranso. Anatsukuluza kapu n'kuthira momwemo kuti pasatayike kanthu. Anapitiriza mpaka botolo linatha, ndipo m'beseni munagona mwana wa mtundu wa chikhadabo. Ndinayamba kupuma.

"Akadali wamphamvu," anatero a Mattiya. "Bweretsa madzi ena."

Apa panabuka vuto lina, chifukwa akapitirira pamenepo atsuka chilonda ndi madzi chabe, ndiponso osawiritsa.

"Madzi atha, bambo."

"Atha? Nanga iyo n'chiyani, munda wa chinangwa?" Analoza nyanja ndi ndodo, ndipo wina anali atanyamula kale ndowa.

"Amenewo ndi a aliyense, bambo, ochapa ndi abakha omwe. Awa ndinawiritsira inu nokha."

Anandiyang'ana, anayang'ana wa ndowa uja, anati, "Ika pansi, iwe. Sunamve?" Kenako anatsitsa mwendo pamtondo n'kuuviika. Anakhala kanthawi maso ali tsinzini. "Ukuluma," anatero mokhutira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkabereka garafau m'mawa uliwonse, ndi bandeji yochapa m'thumba. Sipanapite nthawi a Mattiya anayamba kuyang'anitsitsa mzere wa siringa kuposa ine. Dzanja langa likapitirira pang'ono ankati, "Bweza, bweza! Ukufuna undiphe udye mabwato anga?" Akuluakulu ena atamva kuti a Mattiya amalandira mutu, aliyense anakumbukira kuti ali ndi chilonda. Dona anakana kuti Mayi azizungulira mudzi wonse ngati wogulitsa tomato. M'malo mwake anaika benchi ina pansi pa mtengo wa paposito, pamene munthu aliyense ankalandira kapu yake ndi botolo lake n'kudzithirira yekha. Asodzi aja ankabwera kamodzi osabweranso anayamba kutsiriza mankhwala, ndipo ankadzudzulana okha wina akafuna kusiya madzi m'botolo. Njira imeneyi ndinapita nayo ku Lunho ndi konse kumene ndinagwira ntchito mpaka kupuma.

Chilonda cha a Mattiya chinachedwa. Choyamba kutha chinali fungo, kenako kutupa. M'mphepete munayamba kumera mnofu wofiira, chikhatho chija chinasanduka ngati diso la chambo, kenako ngati diso la usipa. Mwera unatha, kunayamba kutentha. Nthawi yonseyi za ukwati sanatchulepo, ndipo ine sindinafunse. Monika ankadutsa ndi nkhuni osandiona, koma ndinazindikira kuti nkhuni zake zinali zomwezomwezo tsiku lililonse.

Tsiku lina a Mattiya atatulutsa mwendo m'beseni anausisita, anaponda pansi, anayenda mpaka pamabwato n'kubwerera. Ine ndinali ndikumanga garafau kumbuyo pamene anandiitana, koyamba ndi dzina langa.

"Barnaba."

"Bambo."

"Kusambira sudziwa."

"Sindidziwa, bambo."

"Kupalasa sudziwa. Kusoka ukonde sudziwa. Mowa umapereka ngati ukupereka diso lako."

"Zoona, bambo."

"Koma unandikana amuna anga akuona, ndipo unakhala chete pamene ine ndikanakuwa." Anaweramira chipsera chawo n'kuchikanda pang'ono. "Mawa usabwere ndi botolo. Ubwere ndi amalume ako."

Kuchokera pamango paja kufika kuposito ndi mchenga wokhawokha, koma tsiku limenelo sindinasiyepo phazi ngakhale limodzi. Amayi anu anatuluka kukayang'ana. Iwo amati mapazi analipo, kungoti anali otalikirana kwambiri kwa munthu wobereka galasi la boma. Pa nkhani yonseyi ndi pokhapa pamene ine ndi iwo timasiyana.